Mdani Akalowerera

Bambo anga anaphunzira masewera a bridge ali chiimire, thireyi ya tiyi ili m'manja. Anali khukhi pa famu ina ya chimanga ndi tirigu pafupi ndi Concession, m'boma la Mazowe, kumpoto kwa Harare. Anachoka kwawo ku Dedza m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nadzera ku Tete monga ankachitira anzawo ambiri, ndipo sanabwererenso. Kwawo anali mtchona. Ku Mazowe ankatchedwa Mubhurandaya, chikhalirecho ku Blantyre sanapondeko.

Lachinayi lililonse Bwana ndi Dona ankasewera ndi banja la pa famu yoyandikana nayo. Masewerawa ndi a anthu anayi, awiri mbali iyi, awiri mbali iyo, ogwirizana atakhala moyang'anizana. Makhadi 52 amagawidwa, aliyense 13. Khadi lisanagwe ndi limodzi lomwe, pamakhala kupikisana konga kwa ku okushoni ya fodya: munthu amatchula milu imene mbali yake ingadye ndi mtundu wa makhadi umene ulamulire, ndipo wotsatira ayenera kukweza, apo ayi anene kuti "pass". Mitunduyo ili ndi ukulu wake: wamng'ono ndi club, kenaka diamond, heart, ndipo wamkulu ndi spade. Kutsinzinirana ndi kukodolana nkoletsedwa. Mawu ochepa a pa okushoniwo ndiwo njira yokhayo youzira mnzako zimene wagwira.

Mu 1978, nkhondo itafika pachimake, mwamuna wa pa famu inayo anaitanidwa ku usilikali, ndipo mkazi wake anabwera yekha dzuwa likadalipo. Anthu atatu sangasewere bridge. Dona anaitana Bambo. Iwo anavula epuloni, nasamba m'manja, nabwera ndi mpando wawo wa kukhitchini. Ine, mwana wa zaka 10, ndinkasuzumira pa chitseko.

Dona, amene anali mbali ya Bambo, anatsegula ndi 1 diamond. Bwana analowerera ndi 1 spade. Kulowerera kotereku, kumene eni masewera amati overcall, kumalanda malo a woyankha. Bambo anali ndi mapointi 8, powerenga ace 4, king 3, queen 2 ndi jack 1. Anali ndi makhadi anayi a heart, anayi a club, atatu achabechabe a spade ndi awiri a diamond. Bwana akanakhala chete, yankho linali lapafupi: 1 heart. Koma heart ndi wamng'ono kwa spade, choncho khomo limenelo linali litatsekeka. Kunena 2 hearts kukanalonjeza makhadi asanu ndi mapointi osachepera 10. Kunena 2 clubs kukanafunanso mphamvu imene analibe. Kunena 1 no trump kukanatanthauza kuti ali ndi khadi lotsekera spade. Kukweza diamond ndi makhadi awiri okha kukanakhala kunamiza Dona. Panatsala mawu akuti "double", koma m'nyumba imeneyo mawuwo ankatanthauza chilango: ndagwira spade wochuluka, mdaniyu agwa.

Bambo anayang'ana makhadi awo nthawi yaitali, nanena kuti "pass". Adaniwo anakwera kufika pa 2 spades, nakwanitsa. Makhadi ataonekera, zinadziwika kuti Dona nawonso anali ndi makhadi anayi a heart. "Bwanji sunalankhule?" anafunsa mokalipa. Bambo anangoti, "Pepani, Dona."

Usiku umenewo kukomboni anayala makhadi akale pa mphasa, nandisonyeza dzanja lija. "Mwanangu, taona. Mawu aliwonse amene ndikanatchula akanakhala bodza. Munthu ukam'namiza kamodzi, mawa sakumvanso."

Patapita zaka, ndili wophunzira pa University of Zimbabwe, ndinapeza m'buku lina kuti vuto la Bamboli linali ndi mankhwala kalekale. Mu 1957, akatswiri awiri a ku America, Alvin Roth ndi Tobias Stone, anasintha tanthauzo la double pamalo otere. Anaona kuti dzanja lofuna kulanga mdani pa mlingo wotsika limabwera mwa apo ndi apo, pamene dzanja longa la Bambo limabwera kawirikawiri. Choncho mnzako akatsegula ndi 1 diamond, mdani nkulowerera ndi 1 spade, double akhale uthenga wakuti: ndili ndi makhadi anayi a heart ndi mapointi 6 kapena kuposa, sankha. Njirayi inatchedwa Sputnik, potengera chombo chimene dziko la Soviet Union linaponya mumlengalenga chaka chomwecho. Lero imadziwika kuti negative double.

Nditabwera ku holide ndinawafotokozera monyadira. Anaseka pomva kuti mawu amene anawasowa aja anali atakhalapo zaka 21. Kenaka anafunsa funso limene ine sindinaliganize. "Nanga amene wagwiradi spade wochuluka, wofuna kulanga, anena chiyani?" Ndinayankha kuti ameneyo amanena "pass", nadikira kuti mnzake, poona kuti ali ndi spade wochepa, atsegulenso ndi double, iye nkungousiya kuti usanduke chilango. Bambo anagwedeza mutu. "Ndiye kuti kukhala chete kwako kuli m'manja mwa mnzako. Akapanda kutsegulanso, wafa ndi makhadi ako."

Mawu amenewa ndinawakumbuka mu 2000, anthu atayamba kulowa m'mafamu a azungu pambuyo pa referendamu ya mu February. Olowawo anali ndi makhadi awo enieni, pakuti nthaka ya Mazowe inalandidwa kwa makolo a Ashona, ndipo lamulo logawa malo la 1930 linakhomera kulandako. Bambo ankadziwa zimenezi. Koma Bwana ankafuna kuti antchito aime naye, pamene obwerawo ankati antchito ndi anthu a mzungu. Aliyense ankadikira yankho la kukomboni.

Ndinapita kukawaona, ndipo tinawerenga njira zawo imodzi ndi imodzi. Kupempha munda kwa ogawa malo kunali kovuta kwa munthu amene chitupa chake chinali ndi chilembo cha A, chosonyeza mlendo. Kubwerera ku Dedza kunali kupita kwa adzukulu osawadziwa, alongo awo onse atatsikira kulichete, munda wa mayi awo utagawidwa kale. Kuima ndi Bwana poyera kunali kuika mabanja a kukomboni pamoto. "Bambo, tiyeni ku Harare," ndinawachonderera. Anakana. Anati atumikira nyumba imeneyo zaka zoposa 40, ndipo Bwana sangachoke osawakonzera pokhala. Anakhala chete, nadikira.

Mu 2002 Bwana anachoka. Sindinganene kuti anali munthu woipa, nayenso anali ndi mantha ake. Analipira ndalama zimene lamulo la chaka chimenecho linalamula kuti antchito apatsidwe, ndalama zimene kukwera kwa mitengo kunazidya posakhalitsa. Anawasiyiranso tebulo lopinda lija la nsalu yobiriwira. Za pokhala sanatchule. Bambo anazindikira mochedwa kuti mpando umene anakhalira tsiku lija unali wa kukhitchini, ndipo masewera atatha unabwerera kukhitchini komweko.

Amene anatsegulanso anali ena. Anzawo a bungwe lothandizana pa maliro, a ku Malawi ndi a ku Mozambique, anasonkha ndalama za lendi, ndipo mayi wina wa Chizezuru amene ankapemphera ndi Mayi anawapatsa chipinda ku Dandamera. Kumeneko ndiko anamwalirira mu 2009. Malamulo aakulu a dziko a 2013, amene anazindikira ife ana a matchona obadwira muno kuti ndife nzika, sanawaone.

Masiku ano ndimasewera bridge pa intaneti, kawirikawiri ndi anthu amene sindidzawaona nkhope. Tebulo lija lili m'nyumba mwanga, mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Ndikatsegula, mdani nkulowerera, mnzanga nkunena "pass", sindifulumira kuganiza kuti alibe kanthu. Ndimawerenga kaye makhadi anga a mtundu wa mdaniyo, ndipo akakhala ochepa, ndimatsegulanso.