Munadya Ciani Dzulo?

Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera lathu kuno kum'mawa sitilandira malipiro, koma manyazi tinalandirako. Mu 2024 kunabwera mlendo woona za ulimi amene sanali kudziwa Cinyanja, ndipo mmodzi wa ife anayenera kumufunsa m'Cizungu, anthu akumvetsera. Anati, "The farmers buyed fertiliser late." Pulogalamu isanathe foni inalira. Anali mwana wa sukulu: "Amalume, si buyed, ndi bought."

Tonse tinaseka, koma kuseka kwa mantha. Ambiri tili ndi masatifiketi, ena a Giredi 12, ena a ku koleji. Kulemba timalemba. Koma maikolofoni ikayaka, Cizungu cimathawa.

Caka cimeneco magetsi anali kuzima maola ambiri cifukwa madzi ku Kariba anacepa. Mafuta a jenereta akatha, tinali kungokhala pakhonde. Tinagwirizana kuti nthawi imeneyo tiziphunzira. Wina anabweretsa buku la galamala lakutha cikuto, koma patapita masiku atatu anthu anayamba kuwodzera. Amai ena acikulire, amene amayendetsa pulogalamu ya azimai, ndiwo anati, "Ana anga, tsekani bukulo. Aliyense angonena zimene anadya dzulo."

Funso lathu linakhala limodzi: "What did you eat yesterday?" Palibe amene angati sadziwa yankho.

Apa m'pamene tinaona kuti mau ovuta a Cizungu ambiri amakhala kukhichini ndi kumsika. Cook ndi boil ndi ofatsa: ungowonjezera -ed, watha. Koma eat amasanduka ate, drink akhala drank, sell akhala sold, bring akhala brought. Ukapita kucigayo, grind wasanduka ground. Cut ndiye wouma mutu, dzulo ndi lero sasintha. Pa mndandanda wa m'buku mau amenewa tinali kuiwala, koma ukafotokoza kuti unagula kapenta, unadula cibwabwa, unamwa thobwa, mau amamatira ku cinthu cimene unacigwira ndi manja.

Cimene cinatigwetsa kwambiri ndi kukana. Pafupifupi tonse tinali kunena kuti "I didn't ate." Mnzathu amene anaphunzira zauphunzitsi anatifotokozera kuti did wasenza kale katundu wa dzulo, ndiye eat aziyenda cimanjamanja. Anatikumbutsanso kuti ngakhale m'Cinyanja mau amasintha pokana: timati "ndinadya", koma "sindinadye". Mlendo wophunzira cilankhulo cathu nayenso amapunthwa pomwepo. Zimenezi zinatitonthoza.

Unga unatiphunzitsa much ndi many. Unga suwerengeka, koma matumba amawerengeka. Nsima nayonso suinena kuti "two nsimas", umawerenga mitanda.

Tsiku losangalatsa linali la "Have you ever eaten...?" Tinapeza kuti ndi "munadyapo?" wathu yemweyu, ndipo ever akugwira nchito ya -po. Tili ndi Mubemba mmodzi pakati pathu, ndiye mwa cimbuya tinamufunsa ngati anadyapo mbewa. Anayankha monyada kuti, "I have never eaten rats." Pakhonde panabuka mlandu. Mbewa si khoswe! Tinamuphunzitsa kuti imodzi ndi mouse, zambiri ndi mice, ndipo ife tinamufunsa za anyani a kwao. Never sanamuiwalenso.

Kenako tinafika pa used to, amene amanena zimene unali kucita kale koma unaleka. Tinayamba ndi zopepuka: vitumbuwa va pa geti ya sukulu, inswa zimene tinali kutola mvula yoyamba ikagwa. Amai aja anafotokoza za cilala ca 1992, pamene ambiri a ife tinali makanda kapena tisanabadwe. Analankhula pang'onopang'ono, akufunafuna mau. Anati anali kuima pamzere kudikira cimanga cacikasu cocokera kunja, ndipo nsima yake ana anali kuikana masiku oyamba, pambuyo pake n'kumanyambita mbale. Analakwitsa kawiri kapena katatu. Palibe anawakonza.

Wotsatira anali mnyamata wathu wamng'ono, amene amawerenga mauthenga a maliro ndi moni. Anati, "We used to eat three times a day."

Mphunzitsi uja, mwa cizolowezi, anamudula: "Acimwene, mukati used to ndiye kuti munaleka. Nenani kuti we eat."

Mnyamatayo anayang'ana pansi. "Ndadziwa, aphunzitsi. N'cifukwa cake ndanena tero."

Cimeneco cinali caka cimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Ife tomwe tinawerenga nkhani imeneyo pa wailesi, m'Cinyanja ndi m'Cizungu, koma sitinadziwe kuti mnzathu amabwera ku situdiyo asanalawe kanthu. Kwao munda wonse unapsa, ndipo anali kudalira tumapaketi twa unga twa pamela.

Kuyambira sabata yotsatira, aliyense anali kubwera ndi kanthu: kandolo wophika, nshawa zokazinga, nthawi zina thobwa m'cigubu. Amai aja anaika lamulo lakuti usanatenge, uyambe wanena m'Cizungu kumene cakudyaco cinacokera ndi mmene cinaphikidwira. Wa "buyed" uja ndiye anali woyamba. Ananyamula nshawa, natsokomola ngati ali pa maikolofoni, n'kunena kuti, "I bought them, my wife roasted them, and I brought them." Mnyamata uja anali atatambasula kale dzanja.