Ndinakafika pamsika wa Socrates

Aphunzitsi anzanga ndi ana anga akale, ndabwerako ku Greece! Tikiti anandigulira ndi mphwanga amene amagwira ntchito kumeneko, paja malipiro athu mukuwadziwa.

Kwa zaka zoposa 15 ndakhala ndikulemba mawu oti Agora pabolodi, ana n'kumakopera. Tsopano ndapondapo ndi mapazi anga. Msika wakalewu uli mumzinda wa Athens, kumunsi kwa phiri la Acropolis. Lero pangotsala miyala ndi maziko a nyumba, koma kachisi wa Hephaestus akadali chiimire patatha zaka zoposa 2,400.

Akatswiri a ku America anayamba kufukula malowa mu 1931, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anamanganso khonde lalitali lotchedwa Stoa of Attalos, momwe akusungiramo zimene anapeza. M'menemo ndinaona mapale okandidwa mayina, ena a Themistocles. Amenewo anali mavoti. Munthu akalembedwa pamapale ambiri, ankapirikitsidwa mumzinda kwa zaka 10.

Koma chimene chinandikhudza ndi maziko a kanyumba kena kumphepete kwa msika. Pamenepo anafukulapo timisomali ta nsapato ndi chibenthu cha chikho cholembedwa dzina loti Simon. Akuti Socrates ankakonda kucheza kwa wosoka nsapato wa dzina lomweli. Analibe bolodi kapena choko. Ankangofunsa mafunso mpaka mu 399 BC pamene anamuweruza kuti amwe poizoni, ati ankasokoneza achinyamata komanso sankalemekeza milungu ya mzindawo.

Nditakhala pamwala, ndinakumbukira mtsikana wina wa fomu 2. Tsiku lina anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, ngati amayi ndi akapolo sankavota, bwanji mukuti inali demokalase?" Ine, pothamangira kumaliza silabasi, ndinati, "Zimenezo sizibwera pamayeso, khala pansi." Anzake anaseka. Sanakwezenso dzanja chaka chonsecho.

Anzanga, kukoleji tinakhoza bwino mafunso okhudza kaphunzitsidwe ka Socrates. Koma tsiku limenelo ndinali mbali ya amene anamuweruza.

Mwana wanga, ngati ukuwerenga izi, funso lako linali labwino kuposa phunziro langa lonse. Pepa. Teremu ikubwerayi ndidzalilemba pabolodi tsiku loyamba, ndipo tidzalikambirana ngakhale belu lilire.