Mlandu wa Mphunzitsi ku Galeshewe

Anzanga ambiri akalowa m'chipinda changa amayamba kuseka asanakhale n'komwe pansi. Chimawaseketsa ndi chipewa chabuluu chimene ndinapachika pa msomali pamwamba pa bedi, cholembedwa dzina loti Griquas. Funso lawo limakhala limodzimodzi: "Iwe mwana wa ku Ntcheu, za rugby wazitola kuti? Bwanji osangosapota Bullets kapena Manoma ngati anzako?" Ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi, tsono ndati ndilembe pano kuti funsoli lithe.

Mayeso a Fomu 4 ndinakhoza, koma mapointi anachuluka, kotero kuti pa mndandanda wa opita ku yunivesite dzina langa panalibe. Bambo anati sukulu yakwana, ndipo ndalama zotsala anandigulira tikiti ya basi kuti ndikaphunzire ntchito kwa atsibweni anga, amene amamata matayala pa galaja ina mu mzinda wa Kimberley ku South Africa. Munali mu June 2022. Tinadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo nditasintha basi ku Johannesburg ndinafika mu mzinda wa dayamondi uja milomo itang'ambika ndi chisanu.

Ndinapeza mzinda uli yakaliyakali. Timu ya chigawocho, Griquas, inali itangogonjetsa Bulls ya ku Pretoria pa bwalo lawo lomwe la Loftus Versfeld ndi mapointi 30 kwa 19, ndipo inali italowa m'fainali ya Currie Cup. Kwa ine zonsezi zinali ngati kulira kwa achule. Atsibweni anatenga dzira ndi zitsekerero za mabotolo nayamba kundiphunzitsa patebulo. Mpirawo ngooneka ngati dzira. Mbali iliyonse kumakhala anthu 15, ndipo amasewera mphindi 80. Ukafuna kupatsira mnzako ndi manja, uponyere m'mbuyo kapena cham'mbali, osati kutsogolo. Wokagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani wapata mapointi 5, kumenya mpira pakati pa mitengo pambuyo pake ndi 2, penate ndi 3. Ine ndinafunsa kuti anthu angapite bwanji kutsogolo pamene mpira akuponyera m'mbuyo. Iwo anangoti, "Mphwanga, udzamvetsa ukakula."

Anandiuzanso chifukwa chake anthu a ku Kimberley amachiona chikhocho ngati mwana wawo amene anasochera. M'chaka cha 1891 timu ya ku Britain inadzasewera m'dzikomo itatenga chikho chopatsidwa ndi Sir Donald Currie, mwini sitima zapamadzi, kuti ikachisiye kwa timu imene idzalimbane nayo koposa zonse. Chinatsala ku Kimberley, m'manja mwa Griqualand West, ndipo iwo anachipereka kuti zigawo zonse zizichilimbirana. Chitatero anachitenganso mu 1899, mu 1911, ndi mu 1970 pamene anagonjetsa Northern Transvaal 11 kwa 9. Kuchokera apo kunali zii, zaka 52.

Fainali inachitika Loweruka pa 25 June, mu Kimberley momwemo. Ife tinalibe ndalama yolowera, tsono tinaonera pa wailesi ya kanema pabwalo la nyumba ina ku Galeshewe, titazungulira mbaula. Griquas inagonja 26 kwa 19 ndi Pumas ya ku Nelspruit, timu inanso yaing'ono imene inali isanalaweko chikhochi chiyambire. Anthu anabalalika osatsazikana, nyama ili pamoto.

M'mawa mwake, Lamulungu masana, anthu omwe aja anasonkhananso pabwalo lomwe lija kudzatsiriza nyama ija, ndipo apa mpamene ndinaona chinthu chimene chandichititsa kulemba. Kunalibe nyakwawa, kunalibe woitanitsa, koma linali bwalo la milandu ndithu. Woimbidwa mlandu anali mphunzitsi wa timu, Pieter Bergh, munthu wachinyamata amene chimenecho chinali chaka chake choyamba pa udindowo. Mwiniwakeyo panalibe, ndipo sindikhulupirira kuti anamvapo za bwalo lathu. Ankayankhula Chiafirikanzi chosakaniza ndi Chitswana, ndipo atsibweni ankanditanthauzira chapansipansi.

Woyamba kuima anali bambo wina woyendetsa minibasi. Iyeyu anati za ku Loftus zisatipusitse. Fainali yabwera pakhomo pathu, mdani wake ngwa msinkhu wathu, anthu athu adzaza bwalo, ndiye n'kugonja? Anati mwayi wotere subwera kawiri, ndipo mphunzitsi amene waugwetsa ayenera kupatsa mpata munthu wamkulu, wodziwa kutentha kwa fainali. Anatchula Jimmy Stonehouse wa Pumas, nati taonani chimene imvi zimachita. Ambiri anavomera ndi mitu, pakuti bala linali likadali laliwisi.

Kenaka anayankha mayi wina wogulitsa mandasi a kumeneko, amene eni ake amati vetkoek. Mayiyu sanakweze mawu. Anafunsa woyendetsa minibasi uja kuti munthu wamkuluyo adzamlipira ndi chiyani. Anati ndalama zili ku Bulls, Lions, Sharks ndi Stormers, matimu a m'mizinda ikuluikulu amene kuyambira 2021 amasewera ndi matimu a ku Ulaya mu United Rugby Championship. Griquas imatola anyamata amene matimu amenewo anawataya kapena sanawaone, n'kuwasula, ndipo akangoyamba kuwala eni ndalama aja amabwera ndi cholembera. "Olima ndife," anatero mayiyo, "koma nkhokwe zili kwina. Inu mukuopa kuti mnyamatayu walephera. Ine ndikuopa kuti wakhoza, chifukwa ku Pretoria amuona." Apa bwalo linagawikana pakati, ndipo ndinaona kuti mphunzitsi wa timu yosauka ali ngati mbuzi ya pa mlandu: akagonja eni ake amthamangitsa, akapambana olemera amtenga.

Panali mkulu wina wa imvi amene nthawi yonseyi ankangosonkhezera moto. Wina anamnyogodola kuti, inu agogo, amene munaona chikho cha 1970, tauzeni anawa. Mkuluyo anapukusa mutu. Anati mu 1970 iye anali mnyamata wosewera rugby, koma timu imene inapambana chaka chimenecho inali ya azungu okhaokha, ndipo munthu wa khungu lake sakanavala malaya amenewo ngakhale akanathamanga ngati gwape. Iwo anali ndi mabungwe awoawo ndi mabwalo awoawo a fumbi. Mabungwe a rugby a m'dzikomo anadzaphatikizana mu 1992. "Tsono musamati ndadikira zaka 52," anatero. "Ine chikho chimene ndingati n'changa sindinachionepo. Dzulo ndi tsiku loyamba kufika nacho pafupi, ndipo amene wandifikitsapo ndi mnyamata mukufuna kumchotsayu." Woyendetsa minibasi uja anaweramira mbale yake.

Atsibweni pa mabwalo otere sayankhula. Amati mlendo ndi mame, ndipo m'dziko la eni mlendo wa pakamwa sachedwa kukumbutsidwa kumene anachokera. Koma tsikulo mayi wa mandasi uja anawaloza nati, nanga a ku Malawi akuti bwanji? Iwo anakhosomola, nati kwathu munthu akaswa mphanje saweruza munda ndi zokolola za chaka choyamba, chifukwa zitsa zimakhala zisanaole. Amene amathawa munda chaka choyamba amangokhalira kuswa mphanje moyo wake wonse, akudya za eni. Anatero akuyang'ana moto, koma ine ndinamva kutentha m'makutu. Ndinadziwa kuti mlandu wasintha mwini.

Usiku umenewo m'kachipinda kathu ka malata anandiuza mosazungulira. "Mphwanga, ntchito ya matayala sindikuphunzitsa. Ubwerere, ukabwereze Fomu 4. Fizi ndilipira ine." Ine ndinakana. Ndinali nditaona anyamata a msinkhu wanga akutumiza marandi kwawo, ndipo manyazi okakhala pa desiki limodzi ndi ana amene ndinawasiya Fomu 2 ankandiwawa kuposa chisanu cha ku Kimberley. Ndinawauza kuti bambo anagamula kale. Iwo anati bambo ako ali ngati wa minibasi uja, mtima ukuwawa chifukwa cha fainali imodzi. Anationetsa manja awo pa nyali, ine ndi mnzawo wogona naye m'chipindamo, manja akuda ndi mphira, zikhadabo zothetheka. Anati iwonso anachoka kwathu atagonja kamodzi, ndipo mphamvu zawo zonse zakolodwa m'munda wa eni. Sitinayankhulane masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwera ndi tikiti ya basi ndi chipewa chija.

Sindinganame kuti zonse zinayenda myaa. Mu 2023 Griquas sinafike m'fainali. Chikho chinapita kwa Cheetahs ya ku Bloemfontein. Mu 2024 sinafikenso. Chinapita kwa Sharks ya ku Durban. Atsibweni akaimba foni ankati wa minibasi uja wayambiranso nyimbo yake, ndipo otsatira ake achuluka. Inenso chaka chobwereza chija masamu anandigwetsa kawiri pa mayeso oyeserera, ndipo bambo ankangoti, ndalama za mlamu wanga zikupita m'madzi. Usiku wina ndinalongedza chikwama kuti ndithawe. Chimene chinandibweza sichinali nzeru ayi, koma mantha okakumana ndi manja aja. Mu 2024 ndinalowa pa sukulu ino.

Loweruka lina mu September 2025 ndili m'laibulale foni inanjenjemera m'thumba. Nditatuluka panja sindinamve mawu a munthu, koma phokoso la malipenga a magalimoto ndi nthungululu. Patapita nthawi atsibweni anakuwa kuti, "Chabwera!" Griquas inali itagonjetsa Lions pa bwalo la Ellis Park ku Johannesburg, 27 kwa 25, George Whitehead atamenya penate nthawi itatha. Zinali zaka 55 chichokere 1970, ndipo mphunzitsi anali yemwe uja, Pieter Bergh.

Ndinafunsa za bwalo lathu la ku Galeshewe. Anati mkulu wa imvi uja wakhala pa mpando wake akungopukuta m'maso ndi chipewa. Wa minibasi akunyamula anthu ulere, uku akuuza aliyense kuti iye ananena kale kuti mnyamatayu asiyidwe agwire ntchito. Nanga mayi wa mandasi? Atsibweni anaseka. Anati mayiyo wavina pang'ono, kenaka wakhala pansi n'kuyamba kuwerenga pa zala anyamata amene eni ndalama angawatenge chaka chamawa.

Ndimaganiza za mayi ameneyo kawirikawiri, makamaka ndikamva anzanga m'kafiteriya akukambirana za mayiko amene adzapite akangolandira digiri. Sindiwadzudzula, pakuti nanenso fomu ya pasipoti ndimaidziwa. Koma ndimadzifunsa kuti munda uno, umene atsibweni akuuthirira ndi ndalama ya matayala, nkhokwe yake idzakhala kuti. Yankho ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti asanadule foni tsiku lija, phokoso lonse lija lili m'kati, anafunsa kuti, "Mphwanga, mayeso ayamba liti?" Ndinawauza tsiku lake, ndipo ndinabwerera m'laibulale.