Woimba wa M'kwaya Akakumana ndi Jazi

Ife amene tinakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tinaphunzira kuimba m'kwaya za kutchalitchi. Chiyambire 1889, pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anatsegula mishoni ya Mvera, nyimbo za kusukulu kuno zakhala zikuyenda ndi do, re, mi, njira ya solofa imene John Curwen anaifalitsa ku England. Njirayi sitiinyoza ayi. Ndiyo inatiphunzitsa kukoka mpweya kuchokera m'mimba, kuusunga kufikira mzere utatha, ndiponso kumvana tikamaimba m'magulu anayi.

Chaka china tinakayendera wophunzira wathu amene anali kuyesera uphunzitsi pasukulu ina m'mapiri a Ntchisi. Mnyamatayu anali mzati wa kwaya ya pakoleji. Tsikulo anafuna kuphunzitsa ana a Sitandade 7 nyimbo ya Alan Namoko, woimba wakhungu uja wa Chimvu Jazz Band, amene makolo awo ankamumva pa wailesi ya MBC. Anailemba yonse pabolodi m'solofa, naimika ana moongoka, nayamba kuŵaŵerengera ndi ndodo. Anawo sanaphonye ndi liwu limodzi lomwe, koma nyimbo ya banjo ija inatuluka ngati ya pamaliro. Mlandu unali wathu, pakuti ndife tinamuumba chotero.

M'kwaya liwu lililonse lili ndi malo ake, ndipo woimba amagwera pomwepo. Woimba jazi amalifikira mokwaŵa, kuyambira pansi pang'ono, ndipo nthaŵi zina amaima dala pakati pa mi ndi ma, pamene solofa alibepo dzina. Sayambira pamodzi ndi kugunda kwa ng'oma. Amachedwa pang'ono kapena kutsogola, namabwerera. Mawu ake amachokera m'chifuŵa, pafupi ndi mmene munthu amalankhulira, chifukwa ntchito yowafikitsa kutali anaisiyira maikolofoni. Ena amasiya ndi mawu atanthauzo omwe, monga anachitira Louis Armstrong m'chimbale cha Heebie Jeebies mu 1926, luso limene Ella Fitzgerald anadzalikuza koposa.

Kwa ife Acheŵa, kuyandikira kulankhula kumeneku si nkhani yaing'ono. Chinenero chathu chimasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika mwa kukweza kapena kutsitsa liwu, ndipo nyimbo zambiri zotembenuzidwa kuchokera ku Ulaya zimaponda kusiyana kumeneku.

Chotidabwitsa chinachitika belu lopumulira litalira. Atsikana omwe aja anapanga bwalo kuseri kwa kalasi nayamba chimtali. Wotsogolera ankaloŵa anzake asanamalize kuvomera, liwu likutsetsereka mokoma, manja akuomba m'mipata imene ndodo ya mphunzitsi inkailumpha. Zimene tinkati n'zovuta kuphunzitsa, anawo anali nazo kale. Tinali titangowaphunzitsa kuzisiya pakhomo la kalasi.

Kuyambira pamenepo tinasintha kaphunzitsidwe. Wophunzira amayamba wamvetsera nyimbo kambirimbiri, choko chili m'thumba. Kenaka amalankhula mawu ake uku akuponda pansi, ndipo akazoloŵera m'pamene amawaimba, motsika kuposa m'kwaya. Solofa amadza pomaliza, ngati chikumbutso chabe. Oimba athu odziŵa kwambiri ndiwo amavutika koposa: sabata yoyamba ambiri amaimba maso ali pansi, ngati agwidwa akuba chimanga.