Nyumba Iganiziridwe Kuchokera ku Denga

Ife amisiri timayamba ntchito pansi, pokumba maziko, koma ine ndimati mwini nyumba ayambe kuganiza kuchokera pamwamba. Munthu wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akagulitsa fodya ku Kanengo, kapena soya ndi mtedza pamsika, n'kundiitana kuti tikhome zikhomo, sindiyamba n'kufunsa za zipinda. Ndimafunsa kuti malata alipo angati, nanga ndi a mafiti angati. Chifukwa chake chimaonekera kwa aliyense woyenda mumsewu wochoka ku Lilongwe kudzera pa Mpingu ndi Namitete kupita ku Mchinji: zipupa zofika palintala, denga mulibe, udzu utamera m'zipinda. Eni ake sanali aulesi ayi. Anayeza kukula kwa nyumba poyang'ana njerwa, zomwe kwathu kuno n'zosavuta kupeza, osayang'ana malata, matabwa, misomali ndi simenti, zomwe zimafuna ndalama yogwirika.

Njerwa zimanyenga. Dothi la katondo lilipo, chikombole wabwereka kwa mnzako, ana ndi aganyu aumba, ndipo uvuni ukapsa mtima umakula, n'kuyamba kuona nyumba ya zipinda zisanu. Koma nyumba zambiri kumudzi timamangira matope, osati simenti, ndipo chipupa chotere chikakhala pamtetete kuyambira Disembala mpaka Malichi, matope amakokoloka pakati pa njerwa, mzere wapamwamba n'kuyamba kugwedera. Chaka chinacho mumalipira mmisiri kawiri, poyamba kuti aphwasule, kenako kuti amangenso. N'chifukwa chake muyezo uyenera kuchokera palata. Lata la mafiti 12 ndi mamita 3.66. Nyumba ya denga logwera mbali ziwiri ikakhala ya mamita 5 ndi theka m'mimba mwake, lata limodzi limakwana mbali iliyonse, n'kutsalako masentimita pafupifupi 60 otchinga chipupa kuti chisamenyedwe ndi mvula. Mukangowonjezerapo theka la mita kuti pabalaza pakule, musankhe: kulumikiza malata, komwe n'kuwonjezera ndalama ndi malo odonthera, kapena kusiya chipupa pambalambanda. Alipo onena kuti mumzinda amadula malata pamuyezo umene wafuna. N'zoona, koma ambiri amagula m'mashopu a pamsika wakwawo, lero awiri, mwezi wamawa atatu, ndipo kumeneko amapeza a miyezo yodulidwa kale.

Sindikunena kuti munthu asalote nyumba yaikulu. Ajambule yonse, koma aigawe m'zigawo zoti chilichonse chifoleredwe mvula isanagwe n'kulowamo. Zipinda ziwiri ndi pabalaza chaka chino, zina zokolola zikadzayenda bwino. Kuti izi zitheke, denga likhale losavuta, logwera mbali ziwiri zokha, poti lotere limatalikitsidwa osaphwasula kanthu. Pamene padzakhale chitseko cholowera kuzipinda zamtsogolo tiikiretu lintala, n'kutsekapo ndi njerwa zomangira matope zosavuta kuchotsa. Madenga a makona ambirimbiri amene anthu amasirira ku Area 47 amakongoladi, koma amadya malata chifukwa chodula, ndipo paliponse pokumana madenga awiri ndi pamene madzi amayambira kulowa.

Mawu amphamvu amene anthu amandiwiringula nawo ndi a ndalama. Amati kwacha sikudikira munthu, ndiye bola kumanga chachikulu msanga zinthu zisanakwere. Mantha amenewa ali ndi maziko: kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma taganizani, chimene chimakwera kwambiri nthawi zotere n'chiyani? Ndi malata, misomali, zitsulo ndi simenti, zomwe mitengo yake imayendera ndalama zakunja ndi mafuta. Dothi la kuseri kwa nyumba silimva za dola. Choncho woopa kugwa kwa kwacha agule malata kaye, awasanjike pouma, ndipo nyumba ikule molingana ndi malatawo. Simenti yokha asafulumire nayo, chifukwa thumba likakhalitsa limakoka chinyezi n'kuuma ngati mwala lisanagwire ntchito.

Ena amati pulani n'nkhani ya m'tauni, kumudzi timangojambula ndi phazi pansi. Tsamba la kope ndi pensulo zikwanira, koma zikhalepo, chifukwa papepala kusuntha chipupa n'kwaulere. Ndi pomwepo pamene mumagwirizana kuti mazenera akulu asayang'ane kumadzulo kumene dzuwa la mu Okutobala limawotcha, kuti chimbudzi chitalikire chitsime, kuti khitchini ndi chigafa cha fodya zikhale poti moto usafike panyumba. Ndi pomweponso pamene mumadziwa kukula kwa mafelemu a zitseko musanapite kwa akalipentala a pa Namitete, kuti tisadzagumule chipupa chatsopano pofuna kulowetsa felemu. Nthaka nayonso iyankhulepo. Pamakande a m'mbali mwa dambo, amene amafufuma kukagwa mvula n'kung'aluka m'chilimwe, maziko amafuna kuzama ndi konkire yochuluka, ndipo ndalama imeneyo ichotsedwe pa kukula kwa nyumba, osati pa denga. Pepala lakuda lapulasitiki loyala pamwamba pa maziko, lotchinga chinyezi kuti chisakwere m'chipupa, n'lotsika mtengo, komabe ndi limene anthu amayamba kulidumpha.

Pali funso lina limene si la mmisiri, koma ndimalifunsabe chingwe ndisanakoke: malo ano ndi a yani? Kwa ife Achewa, mwamuna wa pachikamwini amamanga pamalo a kwa mkazi, ndipo amene anatenga mkazi pachitengwa naye amamanga pamalo a mbumba yakwawo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo otere, koma ngakhale musanafike kumeneko, amalume ndi anyakwawa aone malire, avomereze pamaso pa anthu. Awaonetse ndi mbali imene zipinda zamtsogolo zidzalowere, chifukwa pulani yomanga m'zigawo imafuna malo amene lero akuoneka opanda ntchito, ndipo mbale wina akhoza kudzalapo nthochi kapena kumangapo khola.