Ripita Ikayamba Kunong'ona

Ripita ikadwala siikhala cete ai, imangoyamba kunong'ona. Ife a m'tauni timaimvabe bwino, koma wa kutali amangomva phokoso monga mvula pa malata. Coipa cake n'cakuti amene tili ndi zida zokonzera ndife timadziwa pothera.

Kwa inu amene simunaionepo, ripita ndi wailesi imene imaikidwa pamalo okwera. Imalandira mau pa frequency imodzi n'kuwaponyanso nthawi yomweyo pa ina. Pa bandi ya mamita 2, ziwirizi zimasiyana ndi 600 kHz. Ife amene tili ndi laisensi ya ZICTA, amene maina athu a pamphepo amayamba ndi 9J, timadalira ripita kuti kawailesi ka m'manja kafike patali.

Amene anatidziwitsa kuti yathu yafooka ndi amdala ena a ku famu, kupitirira Chongwe. Madzulo alionse anali kuitana, ife n'kuyankha, iwo n'kuitananso. Tsiku lina anatuma uthenga pa foni: "Aphunzitsi, kodi mwandikana?" Iwo tinali kuwamva, koma iwo sanali kutimva. Apa tinadziwa kuti khutu la ripita lili bwino, vuto lili pakamwa.

Anyamata a m'gulu lathu anagamula msanga kuti transistor yothera yapsa, tisonkhe ndalama. Koma ndalama ya m'komboni siibwera kawiri. Ndinawapempha kuti tiyambe tapima.

Tinacotsa waya wa eriyo n'kuikapo dummy load ya ma ohm 50, imene imameza mphamvu m'malo moiponya pamphepo. Mita inaonetsa ma watt 9. Pakati pa transmitter ndi eriyo pali duplexer, zigubu zacitsulo zimene zimalola kuti eriyo imodzi imve ndi kulankhula pamodzi. Zigubuzi zimadyako mphamvu, mwina gawo limodzi mwa atatu, ngakhale zili bwino. Titazilambalala n'kupima pa transmitter penipeni, tinapeza ma watt 13 m'malo mwa 40. Eriyo ndi zigubu zinalibe mlandu.

Zinaoneka monga anyamata apambana, koma panatsala funso limodzi: kodi wailesiyi ikudya mokwanira? Ikakhala cete, kumbuyo kwake kunali ma volt 13.8. Titadina kuti ilankhule, anagwa kufika pa 10, pamene pa power supply anali cikhalire. Ndiye kuti anali kutayika m'njira. Ndinatsata waya ndi cala mpaka ndinapsa pa kabokosi ka fyuzi. Mkati munali nguwe.

Ili ndi lamulo la Ohm lomwe lija la m'kalasi. Theka la ohm silioneka wailesi ikamakoka pang'ono, koma ikakoka ma amp 8, ma volt 4 amathera pomwepo, n'kusanduka kutentha. Tinagula kabokosi kena, kochipa kuposa mbale ya nsima pa msika, ndipo singano inabwerera pa 40.

Cimene cimandivuta mpaka lero n'cakuti tonse a pafupi tikanalumbira kuti ripita ili bwino. Tsopano tikakumana pamphepo timayamba ndi a kutali, aliyense anene mmene akutimvera, ndipo timalemba m'buku. A m'tauni timalankhula pothera.