Kagalimoto ka Giacosa mumzinda wa Torino

Ndinatsika sitima yapansi panthaka pa siteshoni ya Lingotto m'mawa kukuzizira, ndipo nditangotulukira pamsewu wa Via Nizza ndinaona chinyumba chija chili tantha poteropo. Ndi mamita pafupifupi 500 a simenti ndi mawindo okhaokha, nsanjika zisanu, moti ukaima pangodya imodzi anthu a kungodya inayo amaoneka ngati nyerere. Iyi inali fakitale ya Fiat. Anayamba kuimanga mu 1916 n'kuitsegulira mu 1923, ndipo injiniya wake, Giacomo Mattè-Trucco, anaikonza kuti zitsulo zizilowera pansi, galimoto izikwera nsanjika ndi nsanjika ikulumikizidwa, pofika padenga ikhale itatha. Ntchito inaima mu 1982. Lero muli masitolo, mahotela ndi maofesi.

Mnyamata wakwathu amene akuphunzira uinjiniya pa Politecnico di Torino ndiye anali maso anga ndi pakamwa panga tsiku limenelo. Tinadutsa pansi pa chikweza chozungulira ngati chigoba cha nkhono, chomwe magalimoto ankakwererapo, kenaka tinatenga lifiti mpaka padenga. Pamwambapo pali msewu weniweni wozungulira denga lonse, ndipo kumapeto konse kuwiri ndi wopendekeka kwambiri kuti galimoto ikhote osachepetsa liwiro. Kuyambira 2021 anabzalapo maluwa ndi zitsamba, n'kupatcha dzina loti Pista 500. Kumadzulo mapiri a Alps anali mbee ndi chipale.

"Achimwene, musapusitsidwe ndi dzinali," anatero mnyamatayo akuloza kummwera chakumadzulo, komwe kunali madenga ambirimbiri otuwa. "Kagalimoto kanu kankapangidwa uko, ku Mirafiori."

Amanena zoona. Mirafiori, fakitale yomwe inatsegulidwa mu 1939, ndiko kunatuluka Fiat Nuova 500 yoyamba, yomwe anthu anaionetsedwa pa 4 Julaye 1957. Eni ake amangoti Cinquecento. Ine sindinafune kukaona kopukutidwa bwino kali kuseri kwa chingwe m'nyumba yosungiramo zakale. Ndinafuna koyenda, konunkha petulo.

Tinakapeza m'bwalo lina lamkati, kuseri kwa nyumba zosanja za dera la Nizza Millefonti, m'galaja ya bambo wina wachikulire amene wagwira ntchito ya umakaniko moyo wake wonse. Kanali kobiriwira motuwa, ka mtundu wa 500 D, kopangidwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1960. Nditaima pambali pake denga linandilekeza m'chifuwa. M'litali ndi mamita 2.97, m'lifupi mita 1.32. Ngolo ya ng'ombe pamodzi ndi mtanda wake ikhoza kukaposa.

Achikulirewo sanayambire ku injini. Anayamba ndi mbiri yawo, mnyamata uja akumasulira. Anabwera ku Torino ali mwana kuchokera ku Sicily, pa sitima yomwe inkatchedwa Treno del Sole, bambo awo atamva kuti kumpoto kukulembedwa ntchito. Anthu a kummwera anakhamukira mumzinda umenewu mpaka chiwerengero chake chinapitirira miliyoni imodzi pofika 1961, ndipo pazitseko zina pankapachikidwa zikwangwani zokana kubwereketsa nyumba kwa anthu a kummwera. Ndikumvetsera, mtima unapita kwa agogo athu amene ankapita ku Joni pa Wenela. Nthawi imeneyo ku Italy banja la wantchito likafuna kuyenda linkakwera njinga yamoto ya Vespa kapena Lambretta: bambo kutsogolo, mayi kumbuyo atakhala chammbali, mwana ataimirira pakati pa miyendo ya bambo ake. Aliyense amene anaonapo banja lonse pa njinga yamoto ya kabaza akudziwa chomwe anthu amenewa ankasowa. Ankasowa denga ndi matayala anayi.

Amene anapatsidwa ntchito yowapezera zimenezi anali Dante Giacosa. Anabadwa mu 1905, anaphunzira pa Politecnico pomwepo, ndipo dzanja lake linali kale pa galimoto za Topolino ya 1936 ndi Fiat 600 ya 1955. Vuto lake linali la mtengo. Galimoto imagulidwa ndi kulemera kwa chitsulo chake, choncho kilogalamu iliyonse yochotsedwa inali ndalama yotsala m'thumba la wogula. 500 yoyamba inkalemera makilogalamu pafupifupi 470.

Achikulirewo anagogoda chitseko ndi chala kuti ndimve kupyapyala kwa lata lake, kenaka anayendetsa chikhatho pa kubulungira kwa thupi lonse. Anati lata lathyathyathya limapindika ndi kunjenjemera, koma ukalipinda ngati chigoba cha dzira limalimba lokha. Kagalimotoka kalibe chimango chapadera pansi. Thupi lenilenilo ndilo limanyamula zonse. Kukongola kumene alendo amakujambula lero kunachokera pa kuumira chitsulo. Denga la lona nalonso si zokometsera. Lona inali yotchipa ndi yopepuka kuposa chitsulo, komanso imachepetsa kulindima kwa injini m'kati, kumene kukanakhala ngati kukhala m'ng'oma.

Tinapita kumbuyo. Anatsegula chivundikiro chokhala ndi timipata tolowetsa mphepo, ndipo apa ndi pomwe ndinagwada nthawi yaitali. Injini yonse munthu ungaikumbatire. Ili ndi masilinda awiri oima mondondozana, ndipo mapisitoni ake amakwera ndi kutsika limodzi, n'chifukwa chake imagwedezeka ndi kulira mosiyana ndi injini ina iliyonse. Mulibe rediyeta, mulibe pampu ya madzi, mulibe mapaipi oti tsiku lina adzabooke panjira. Lamba mmodzi amazungulitsa dayinamo ndi fani, faniyo imakankha mphepo m'chikuto cha malata chomwe chakuta masilinda, ndipo kachitseko koyendera kutentha kamatseguka injini ikatentha kuti mphepo yamoto ituluke. Nyengo yozizira mphepo yomweyo amaibwezera m'kati kuti ifunditse okwera. Chimene chinandigometsa koposa ndi sefa ya oyilo. Anandilozera pule yapansi ija yomwe lamba amadutsapo. M'kati mwake ndi mobowoka, oyilo amadutsa momwemo, ndipo pule ikamazungulira zinyalala zimaponyedwa m'mbali n'kumatirira. Makaniko amangomasula chivundikiro, kupala matopewo, n'kubwezeretsa. Chitsulo chimodzi, ntchito ziwiri.

Nzeru yomweyo ndinaipezanso kutsogolo nditasuzumira pansi. Sipuling'i imodzi ya zitsulo zosanjikizana yagona chopingasa kuchokera ku tayala lina kufika ku linzake, ndipo ndiyo imafewetsa mabampu, ndiyonso imagwira ntchito ya mkono wapansi wogwirizira matayalawo. M'boneti muli thanki ya petulo, batire ndi tayala lapadera. Malo otsala ndi a kachikwama kamodzi.

Injini ya 1957 inali ya 479 cc, mphamvu yake 13 hp, liwiro lake lothera makilomita 85 pa ola. Ndipo anthu sanaithamangire. Pa mtengo wa ma lire 490,000, ndalama za ku Italy za nthawiyo, ankapeza mipando iwiri, kabenchi kouma kumbuyo ndi magalasi a m'zitseko osatsika, choncho ambiri anaona kuti kuli bwino kupirira pang'ono n'kudzagula 600. Fiat inamva msanga. Chaka chomwecho chisanathe inakweza mphamvu kufika 15 hp, inatulutsa mtundu wa Normale wokhala ndi mpando weniweni kumbuyo ndi magalasi otsika, ndipo wosakometsera uja inautsitsa mtengo kufika ma lire 465,000. Mu 1959 Giacosa analandira mphoto ya Compasso d'Oro chifukwa cha kagalimotoka. Mu 1960 kunabwera 500 D, ya 499.5 cc ndi 17.5 hp, pamodzi ndi Giardiniera yaitaliko, yomwe injini yake anaigoneka chafufumimba pansi pa malo a katundu.

Pali zina zomwe sindingaziyamikire. Zitseko za D zili ndi mahinjesi kumbuyo, zimatsegukira kutsogolo, ndiye chitseko chikatseguka galimoto ikuyenda mphepo imachikankhira kunja m'malo mochibweza. Anazisintha mu 1965 pa mtundu wa F. Thanki ya petulo ili pamwamba pa mapazi a oyendetsa, ndipo pakati pa munthu ndi ngozi pali lata lopyapyala lija basi. Sindingafune kukumana ndi lole ndili m'menemo.

Komabe atandiuza kuti ndilowe sindinakane. Mnyamata uja anadzipinda kumbuyo, ine ndi achikulirewo mapewa kugundana kutsogolo. Pamaso pa oyendetsa pali kawotchi kamodzi ka liwiro. Geji ya petulo palibe. Pali kanyale komwe kamayaka mafuta akatsala pang'ono. Anapotokola kiyi, koma injini sinalire. Pakati pa mipando pali timikono tiwiri, kena ka tchoko, kena kolumikizidwa ndi waya mpaka ku sitata. Anakoka koyamba, anakoka kachiwiri, kumbuyo kwathu kunamveka kukhosomola kenaka phutuphutuphutu, galimoto yonse ikunthunthumira.

Magiya ndi anayi, ndipo alibe zija zothandiza kuti mano alowane okha. Posintha, makamaka potsika, achikulirewo ankaponda kilatchi, kubweza giya pakati, kusiya kilatchi, kugunda mafuta pang'ono, kupondanso, n'kulowetsa. Amati doppietta. Mapazi awo ankachita zonsezi akulankhula zina, ndipo giya silinakukute ngakhale kamodzi. Tinatsikira ku Corso Unità d'Italia, mtsinje wa Po uli chakum'mawa kwathu, n'kudutsa Museo Nazionale dell'Automobile, komwe kuli galimoto ya Itala yomwe inapambana mpikisano wochokera ku Peking kukafika ku Paris mu 1907. Iwo anakankhira lona kumbuyo ndi dzanja limodzi, mphepo yozizira n'kutiwomba m'mutu. Pa maloboti mayi wina wa m'galimoto yoyandikana nafe anatsitsa galasi n'kufuula kuti mayi ake anali ndi kotereka.

Ndinabwera ndikuganiza kuti luso la Italy lili mu Ferrari ndi Maserati. Ndinabwerera m'bwalo muja nditatsimikiza kuti ntchito ya Giacosa inali yovuta kuposa, chifukwa wopangira olemera akakumana ndi vuto amawonjezera chitsulo ndi mtengo, pamene iye sankaloledwa kuwonjezera kanthu.

Achikulirewo anazimitsa injini, malata akumbuyo n'kumatetheka pozizira. Ndinawafunsa ngati anabwererako kwawo. Anati bambo awo atagula 500 yawo yoyamba, mwezi wa Ogasiti fakitale ikatseka ankapakira banja lonse, masutikesi padenga, ulendo wa ku Sicily masiku awiri. Timagalimoto timeneti tinapangidwa pafupifupi 3.9 miliyoni m'zaka 18. Komaliza, ka mtundu wa 500 R wokhala ndi injini ya 594 cc, kanatuluka mu 1975 m'fakitale ya Termini Imerese, pachilumba cha Sicily.